Kodi agogo angathe mpanda wosocheretsa wa ku Hampton Court?

Funso: Ndimakhala ku Croydon, mu mzinda wa London, ndipo amayi anga akubwera kuchokera ku Dedza kumapeto kwa Ogasiti. Ana akukakamira kuti tikawaonetse mpanda wosocheretsa uja wa ku Hampton Court. Koma agogo awo ali ndi zaka 72 ndipo mawondo amawavuta. Kodi tipite, kapena tikangowatopetsa chabe?
Mayi wa ana atatu

Yankho: Pitani ndithu, amayi. Pa siteshoni ya London Waterloo mukwera sitima ya mphindi pafupifupi 35, ndipo mukatsika n'kuwoloka mlatho wa pa mtsinje wa Thames mwafika. Nyumba yachifumu ya Hampton Court anayamba kuimanga ndi Kadinala Thomas Wolsey mu 1514, kenako inagwera m'manja mwa Mfumu Henry VIII.

Mpandawo unadzalidwa cha m'ma 1700, nthawi ya Mfumu William III. Malo ake ndi ochepa kwambiri, gawo limodzi mwa magawo atatu a ekala. Dimba la kwathu limaposa pamenepo. Koma tinjira take n'tokhotakhota, ndipo mukatiphatikiza timakwana theka la mailosi. Mitengo yake ndi ya yew, yothithikana, yodulidwa bwino ngati khoma, yaitali kuposa munthu. Ine nditalowamo ndi mdzukulu wanga, mawu ake ndimawamva pafupi pomwepa, kuseri kwa masamba, koma kuti ndimupeze panapita nthawi. Anthu ambiri amafika pakati m'mphindi 20. Chimene chingavute agogo ndi kuphaphatiza. Tinjirato n'topanikiza, ndipo masukulu akatsekera, ana amathamangamo uku ndi uku. Agogo akafuna kulowa, pitani m'mawa akangotsegula, ndipo agwire mpandawo ndi dzanja limodzi osalichotsa, kulikonse kumene ukukhotera. Akatero sadzazungulira pamodzimodzi.

Komatu ine ndikanakhala inu, ana ndikanawasiya ndi bambo awo m'mpandamo, amayi n'kupita nawo pang'onopang'ono ku mtengo wa mpesa umene amautcha Great Vine. Unadzalidwa mu 1768, pamene Lancelot Brown ankayang'anira mindayi, ndipo mpaka lero umabereka. Tsinde lake ndi lokakala, lalikulu zedi, nthambi zake zadzaza nyumba yonse yagalasi. Panja pake pali kamunda kolimidwa bwino koma kosadzalamo kanthu, kuti mbewu zina zisalande chakudya cha mizu ya mpesawo. Mlimi wa ku Dedza sangadutse pamenepo osaima. Nyengo imene akubwerayi ndi yomwe mphesa zimapsa, ndipo mu Seputembala amazigulitsa kwa alendo.

Pafupi pomwepo pali Privy Garden, munda umene mu 1995 anaukonzanso kuti uoneke mmene unalili mu 1702. Pamenepo agogo angapumule. Muwatengere juzi, chifukwa mphepo ya kumtsinje imazizira ngakhale dzuwa likuwala.