Ankolo, kamera ndili nayo koma sindikudziwa komwe ndikulowera

FUNSO

Ankolo, ndine mnyamata wa zaka 27, ndimakhala ku Ndirande ndipo ntchito yanga ndi yojambula zithunzi, chino ndi chaka chachinayi. Ndinayamba ndi foni kenako ndinagula Canon 600D ya second hand kwa mkulu wina ku Limbe. Ndimajambula chilichonse chomwe chabwera, maukwati, zinkhoswe, ma bridal shower, ma birthday a ana, graduation, nthawi zina mpaka zovumbula ziliza. Loweruka lililonse sindikhala pakhomo koma chodabwitsa ndi choti mwezi ukamatha ya lendi ndimachita kukongola. Anzanga omwe tinayambira limodzi wina watsegula studio, wina akumayenda ndi mabungwe m'maboma, ine ndikadali pompaja ndipo ndikatsegula Facebook mtima umandiwawa. Mayi anga akuti ndisiye zamasewerazi ndikasake ntchito yeniyeni. Aliyense amangoti khala ndi cholinga, koma Ankolo cholingacho munthu amachipeza kuti? Kapena ndingogulitsa kamerayi?

Wojambula wotopa, Ndirande

YANKHO

Mphwanga, kamerayo usagulitse kaye, khala pansi timve.

Ndawerenga kalata yako kawiri ndipo chomwe ndaona ndi choti wandiuza zonse zomwe umajambula koma sunandiuze ngakhale chimodzi chomwe umakonda kujambula. Vuto lako lagona pamenepo. Zaka zinayi wakhala ukuyendera foni, ikalira iwe wadzuka, ikakhala chete iwenso wakhala chete, nde amene wakhala akukusankhira njira ndi aliyense amene ali ndi nambala yako. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, akulu sananame.

Cholinga sichitsika kumwamba ayi, ndipo sungachipeze poyang'ana page ya mnzako wa studio uja. Chili mu hard drive yako momwemo. Lamulungu likubwerali ukachoka ku tchalitchi tsegula laputopu, dutsa mafoda onse kuyambira chaka choyamba, usankhe zithunzi 20 zomwe munthu atakuuza kuti fufuta zonse usiye izi zokha, ungasiye zimenezo. Osati zomwe kasitomala anaziyamikira kapena zomwe zinapeza ma like ambiri, koma zomwe iweyo ukaziona umaima kaye. Ukazisanja pamodzi uona kuti zikufanana penapake. Mwina zonse ndi nkhope za agogo pa chinkhoswe nthawi yomwe ankhoswe akulandirana nkhuku, mwina ndi ana, mwina sizaukwati n'komwe koma zomwe unkangojambula pobwerera, amayi a tomato mu msika wa Ndirande, akabaza akudikira pa siteji. Chomwe chikubwerezabwereza m'zithunzi 20 zimenezo ndiye diso lako, ndipo ukachiona uchilembe m'chiganizo chimodzi chachidule chomwe ungauze munthu mu minibasi asanatsike pa Ginnery Corner. Ndimajambula maukwati a anthu wamba kuti adzukulu awo adzaone. Kapena ndimajambula katundu wa ma bizinesi ang'onoang'ono kuti agulitse pa WhatsApp. Basi.

Sindikuti mawa ukane ma birthday, ayi, mimba siidziwa zimenezo. Koma uzidziwa kuti iyi ndi ganyu yogulira ufa ndipo iyi ndi ntchito yomwe ndikumanga dzina, ndipo pa page yako pazioneka yachiwiriyo. Munthu wofuna wojambula ukwati akatsegula page napeza keke ya mwana, kenako chiliza, kenako galimoto yogulitsa, amangoti uyu ndi wa zilizonse ndipo wa zilizonse amamulipiranso zilizonse.

Tsopano za ndalama, pano ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe ambiri mumagwera. Ine ndinayamba nthawi ya filimu, mpukutu umodzi zithunzi 36, ndipo ukadina batani umadziwiratu kuti ndalama yatuluka chifukwa filimu wagula, kutsukitsa ulipira, kusindikiza ulipira. Inu a digital mumaona ngati kudina ndi ulere. Si ulere aise. Shutter (kachitseko ka mkati komwe kamatseguka ukadina batani) ya makamera ang'onoang'ono ngati yakoyo amaiyerekeza kuti imafika zithunzi cha m'ma 100,000 isanayambe kuvuta, ina imapitirira ina imafa msanga. Ngati pa ukwati umodzi umawomba 1,500, werengera wekha, maukwati osakwana 70 yatha, ndipo yako unaigula wina atadya kale gawo lake. Nde pa ntchito iliyonse pamafunika kandalama kopita pambali ka kamera yamawa, ndipo kamerayo sipangidwa ku Makata, imachokera kunja, mtengo wake umatsata dola. Kwacha inagwa ndi 25 percent mu May 2022, inagwanso ndi 44 percent mu November 2023, funso langa ndi loti mitengo yako inasuntha? Ambiri mumaopa kukweza kuti kasitomala athawa, nde mumathera kujambula ukwati wa eni ake ndi ndalama zanu.

Gula kope la 80 pages, lomwe ana amalembera kusukulu lija. Ntchito iliyonse lemba walandira zingati, transport yopita ndi pobwera, mnyamata wogwira light wam'patsa zingati, bundle yotumizira zithunzi, kusindikiza, fulemu, mabatire a flash, ndi maola omwe wakhala ukukonza zithunzi pa pulogalamu ya Lightroom usiku podikira magetsi abwere. Maola a edit amenewo ndi omwe anyamata mumaiwala, ukwati wa tsiku limodzi umadya masiku atatu. Ukalemba miyezi itatu uona wekha kuti ntchito zina zomwe umazithamangira zimakusiya ulibe kanthu, ndipo kukana ntchito yoteroyo si ulesi.

Za zolinga, mawu oti ndikufuna ndidzakhale wojambula wamkulu asiyire a pa Facebook. Cholinga chizikhala ndi nambala ndi tsiku, choti pofika tsikulo ukhoza kunena kuti ndakwanitsa kapena ndalephera, popanda kudzinamiza. Mwachitsanzo pofika kumapeto kwa mwezi wamawa ndikhale ndi mitengo itatu yolembedwa yomwe ndimangotumiza munthu akafunsa, osati zomayamba ndi mafunso a muli ndi zingati bwana. Pofika miyezi itatu palibe ntchito yomwe ndikunyamuka popanda dipoziti ya theka kulowa pa Airtel Money kapena Mpamba. Pofika miyezi isanu ndi umodzi ndagula lenzi ya 50mm f/1.8, yomwe ndi yotchipa kuposa ma lenzi ambiri koma imakupulumutsa mu tchalitchi mwa mdima momwe abusa akana flash. Zitatu zimenezo zakwana, usalembe khumi, uzimata pakhoma pomwe umachajira mabatire.

Uyang'anenso kalendala chifukwa geni imeneyi ili ndi nyengo ngati ulimi. Mvula ikatha maukwati amachuluka mpaka December, koma January ndi February anthu ali pa fizi ndi feteleza, foni imangokhala ngati yafa. Ndalama ya October ndi yomwe imadyetsa February. Miyezi yachete imeneyo ndi nthawi yoyenda ndi zithunzi zako m'manja, kusukulu za mkaka, m'ma saluni, kwa matelala, kwa ophika makeke a ukwati ndi okongoletsa maholo, chifukwa mkwatibwi amayamba wafika kwa anthu amenewa asanaganize za iwe. Ndipo ngati ukusirira mnzako woyenda ndi mabungwe, dziwa kuti kumeneko amafuna quotation, invoice, dzina la bizinesi lolembetsa ndi TPIN, nambala ya msonkho ya ku MRA, sakulipira pamanja kuseri kwa holo. Chimenechonso chikhoza kukhala cholinga cha chaka chino ngati zithunzi zako 20 zija zikuloza kumeneko.

Kanthu kena kakang'ono, gwirizanani polemba, ngakhale pa WhatsApp pomwepo, zithunzi zingati, zituluka liti, ndipo ngati akulola kuti uziike pa page. Zithunzi zimatetezedwa ndi lamulo la Copyright la 2016 ndipo COSOMA, bungwe loteteza ntchito za aluso, ilipo chifukwa cha anthu ngati iwe, pita ukafunse, ndiponso kuli bungwe la ojambula la PHOTAMA komwe ungakumane ndi anzako omwe adutsa kale njirayi. Ndipo chonde sunga zithunzi malo awiri. Ine memory card inandifera nditajambula ukwati wonse wa mwana wa mkulu wa mpingo, mpaka lero ndikamuona mumsewu ndimawoloka.

Chomaliza chomwe ndikufuna uchite sichilipira msanga koma ndi chomwe chimachiza kutopa kwako. Khala ndi ntchito yakoyako yomwe palibe anakutuma. Tsiku lina upite ku Mandala House, nyumba ija inamangidwa mu 1882, pamwamba pake pali library ya Society of Malawi komwe amasunga mabuku ndi zithunzi zakale. Ukaona chithunzi cha Blantyre wakale udzifunse kuti amene anajambula ankadziwa kuti anthu adzachiyang'ana patatha zaka zonsezi? Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamalizidwa mu 1891 ndipo chajambulidwa kambirimbiri, koma Ndirande wa lero, osula mbaula ndi ndowa, ma barbershop a malata, chiperoni chitaphimba phiri m'mawa wa July, tsiku la Bullets ndi Wanderers momwe township imagawikira pawiri, ndani akusunga zimenezo? Iwe umakhala momwemo, anthu amakudziwa, sakuthamangitsa ngati mlendo. Chithunzi chimodzi pa sabata, upemphe kaye usanajambule munthu, pakutha pa chaka uli ndi 52.

Mayi ako usakangane nawo, akudandaula chifukwa amakuona ukukongola ya lendi. Ukawaonetse kope lija pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Ngati manambala akukana ngakhale wakonza mitengo, kupeza ntchito ina n'kumajambula Loweruka si manyazi, ambiri omwe ukuwasirirawo amatero koma sanena. Undilembere unene zomwe wapeza m'zithunzi 20 zija.

FUNSO

Ankolo, ine ndine mtsikana wa ku Chilomoni, ndayamba kujambula chaka chatha. Cholinga changa chaka chino ndi kugula kamera yamakono ya mirrorless chifukwa makasitomala ena akaona kakamera kanga amaderera. Ndatsala pang'ono kutenga katapila kuti ndifulumire, mukuti bwanji?

YANKHO

Katapila ayi mwana wanga, ameneyo adzakulanda kamera yatsopanoyo ndi yakale yomwe.

Kamera ndi khasu, si munda. Undiuze kaye ntchito yomwe yakukanika chifukwa cha kamera uli nayoyo. Ngati zithunzi zikutuluka zamdima mu holo, flash yabwino ndi kuphunzira kuiwombetsa kudenga zithetsa zimenezo pa mtengo wochepa kwambiri. Ngati kumbuyo kwa munthu sikukuoneka mwachimbuuzi ngati pa zithunzi za anzako, imeneyo ndi nkhani ya lenzi. Ngati zikufika kwa kasitomala zitaphwanyika, mwina ukutumiza pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, tumiza ngati document sizichepetsedwa.

Oderera aja alipo ndithu, ndipo kwa inu atsikana zimanyanya, ena amafunsa kuti wojambula weniweni afika nthawi yanji iwe uli pompo ndi kamera pakhosi. Sindikiza zithunzi zako 15 zabwino kwambiri mu alubamu, uziyenda nayo, munthu akayamba kuyang'ana kamera um'patse alubamuyo m'manja. Pakabwera ntchito yaikulu yofunadi makina amphamvu, bwereka yolipira kwa mnzako tsiku limodzi ndipo mtengo wobwerekerawo uuike mu quotation. Ukaona kuti ukubwereka kawiri kapena katatu mwezi uliwonse, pamenepo ndiye yamba kusunga ya mirrorless, ndipo banki m'khonde ya amayi a kwanuko ikhoza kukufikitsa pofika December.