Mbozi za m'chimanga zija kwawo si kuno

Mayi wina wa ku Ntcheu wandilembera imelo yomvetsa chisoni. Akuti chimanga chikangofika m'mawondo masamba amayamba kubowoka, ndipo chaka chino apopera mankhwala kawiri koma mbozi zili nga-nga-nga. Akufunsa ngati zinabwera ndi mbewu yamakono kapena ndi kusintha kwa nyengo.

Mayi, mbewuyo musaiimbe mlandu. Ntchembere zandonda zimene zikukuvutanizi si zija ankazidziwa agogo athu, zobwera chigulu n'kudutsa. Izi kwawo ndi ku America. Mu Africa muno zinaonekera koyamba mu 2016 ku Nigeria ndi maiko oyandikana nako, ndipo akatswiri amakhulupirira kuti zinawoloka nyanja zitabisala m'katundu wamalonda. Sipanapite nthawi zinatipeza. Mu Disembala 2017 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha mbozi zomwezi.

Nyengo siinazibweretse, koma imazithandiza. Kukatentha zimakula msanga, mwezi umodzi wokha dzira lasanduka gulugufe woikiranso mazira. Gulugufe wakeyo amauluka usiku mtunda wautali zedi, ndipo mmodzi amaikira mazira mazanamazana. Ng'amba ikagwa zimasangalala, pomwe mvula yamphamvu imakokolola zing'onozing'ono. Chilimwe sizisowa pokhala, poti m'madimba mwathu chimanga sichitha.

Za mankhwalazo zimandiwawa, chifukwa ndikudziwa mmene ndalama yake imavutira. Mawa mulawirire kumunda, mufunyulule nsonga ya phesi limodzi lodyedwa. Mupeza zinyalala zonga utuchi wonyowa, pansi pake mbozi ili khale. Pamutu ili ndi chizindikiro chonga Y wozondoka, kumchira timadontho tinayi takuda. Ikafika msinkhu umenewo, mankhwala owaza pamwamba pa masamba dzuwa lili paliwombo saikhudza n'komwe. Ngati mwasankha kupopera, poperani mbozi zikadali zazing'ono, m'mamawa kapena madzulo, molunjika m'nsongamo, ndipo mufunse alangizi za mtundu ndi mlingo wake.

Koma ine ndimadalira kwambiri maso ndi zala. Chimanga chikangomera, muziyendera munda kawiri pa sabata, kutembenuza masamba ndi kutswanya mazira, amene amaunjikana ngati kachigamba kotuwa kaubweya. Azakhali anga amatapa dothi kapena phulusa n'kuthira m'nsonga iliyonse yodyedwa. Ena amadonthezamo msuzi wa usipa kuti nyerere zibwere zidzagwire mbozizo. Ndi ntchito yopweteka msana, sindikana, ndiye muuzane ndi eni minda yoyandikana nanu kuti muziyamba sabata imodzi nonse.