Kodi dokotala wa maso amangopereka magalasi?

Mtsikana wina wa Fomu 4 ku Ngabu wanditumizira imelo. Akufuna kudzakhala dokotala wa maso, koma amalume ake akumuuza kuti ntchitoyo n'kungopereka magalasi ndi kuchotsa ng'ala basi. Akufunsa ngati n'zoona.

Mng'ono wanga, amalumewo aona khomo, m'nyumba sanalowe. Kumbuyo kwa diso, m'katikati, kuli kansalu kopyapyala kotchedwa retina. Ndi komwe kamalandira kuwala n'kutumiza uthenga ku ubongo. Ng'ala imachotsedwa munthu n'kuonanso, koma kansaluka kakafa sikabwerera.

Azakhali anga ku Nchalo anadwala shuga zaka zambiri. Tsiku lina akupeta mpunga anati akuona tinthu takuda tikuyandama, ngati mwaye. Ankapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, osachoka. Anali magazi: shuga inali itafooketsa timitsempha ta retina, tinayamba kutuluka magazi. Tinakwera nawo Thabwa mpaka ku chipatala cha maso cha Lions ku Gulupu. Anawadontheza mankhwala otanula kamwana ka diso, dokotala n'kusuzumira ndi kagalasi, kenako anawotcha malo owonongekawo ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa laser. Diso limodzi linapulumuka. Linalo tinachedwa nalo, ndipo zimandipwetekabe.

Tsono za malungo, amene ife a m'chigwa cha Shire timawadziwa ngati dzina lathu. Ku Blantyre komweko, madokotala ofufuza Susan Lewallen pamodzi ndi Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anaonetsa kuti mwana wokomoka ndi malungo a mu ubongo amakhala ndi zizindikiro pa retina: timadontho ta magazi, timabanga toyera, mitsempha yosintha mtundu. N'zofunika, chifukwa kuno mwana akhoza kupezeka ndi tizilombo ta malungo m'magazi pamene chamukomola ndi china. Diso limathandiza dokotala kusiyanitsa. Ameneyo ndiye kafukufuku, ndipo anachitikira pa ana athu.

Njira yake ndi yaitali, ndisakunamize. Ulimbikire Biology, Chemistry, Physics ndi masamu kuti ulowe ku KUHeS, yunivesite ya maphunziro a zaumoyo. Ukatha digiri ya udokotala pali kugwira ntchito moyang'aniridwa, kenako maphunziro a ukatswiri wa maso, ndiye a retina pamwamba pake. Zonse pamodzi zimapitirira zaka 10.

Ukadzafika, usadzakane kuphunzitsa. Wodwala shuga wa ku Makhanga sangapite kukakufunafuna ku Blantyre. Amene adzamuone koyamba ndi namwino kapena kiliniko ofesa amene iwe unamuonetsa mmene amasuzumirira kumbuyo kwa diso.