Maola awiri amene akusowa mu database yanu

Achimwene ena a ku Limbe anditumizira imelo. Anapangira malo ena omwetsera mafuta pulogalamu yolembera malonda, ndipo chisamutsireni database yawo (mosungira deta) ya PostgreSQL ku cloud (ma seva a pa intaneti), mafuta ogulitsidwa cha m'ma 1 koloko usiku akumagwera tsiku la dzulo lake. Ndalama sizikugwirizana ndi lipoti, moti abwana ayamba kukayikira anyamata a pa pampu.

Achimwene, choyamba kawauzeni abwanawo kuti anyamatawo asawaganizire zakuba. Vuto ndi wotchi. Kuno ku Malawi tili patsogolo pa UTC (nthawi imene dziko lonse limayezerapo mawotchi) ndi maola 2 chaka chonse, pomwe ma seva ambiri a cloud amayendera UTC. Minibasi ikamwetsa 01:30 pa 6 Malichi, seva imaona 23:30 pa 5 Malichi. Chilichonse chogulitsidwa kuyambira 12 koloko usiku mpaka 2 koloko m'bandakucha chimabwerera m'mbuyo.

Koma mu code mwatumizayi muli china chimene chandidetsa nkhawa kwambiri. Tsiku mukulilemba pamanja, "06/03/2025 01:30", n'kulimata mu SQL (chilankhulo cholamulira database). Zimenezo lekani lero lomwe. Ife timayamba ndi tsiku, anzathu a ku America amayamba ndi mwezi, ndiye PostgreSQL ikakhala pa MDY (mwezi, tsiku, chaka) imawerenga kuti 3 Juni, osadandaula n'komwe. Imadzakana pa 13 basi, poti mwezi wa 13 kulibe, masiku 11 atalowa kale molakwika.

Driver (pulogalamu yolumikiza code yanu ndi database) muziipatsa datetime (tsiku ndi ola) yeniyeni, yodziwa dera lake, kudzera pa parameter, osati kuimata m'mawu a SQL, kalembedwe iziona yokha. Mu Python, kuyambira 3.9, n'zosavuta: datetime.now(ZoneInfo("Africa/Blantyre")). Inde, Blantyre yathuyi ili m'ndandanda wa ma time zone. Pakafunika mawu, monga mu JSON, lembani mwa ISO 8601: 2025-03-06T01:30:00+02:00.

Column yosunga nthawi mu database ikhale ya mtundu wa timestamptz, umene umaganizira time zone. Ya timestamp wamba ija mukaipatsa mawu okhala ndi +02:00, imangotaya chizindikirocho mwakachetechete. Ndipo popanga lipoti, yambani mwatembenuza ndi AT TIME ZONE 'Africa/Blantyre' musanagawe malonda m'masiku. Zopanda ola, monga tsiku lobadwa, ziikeni mu date.

Zolembedwa kale zija musathamangire kuziwonjezera maola 2 zonse, chifukwa za nthawi imene seva inali mu ofesi mwina zili kale pa nthawi ya kuno. Tengani malisiti angapo a pepala, ena akale ena atsopano, muwafananize ndi za mu database, ndipo kukonzako muyesere kaye pa kope.