Jekete yokwerera Phiri la Mulanje m'nyengo ya chiperoni

Bambo ena a ku Luchenza, m'boma la Thyolo, andilembera imelo yofunsa za chovala. Akuti iwo ndi anzawo a kuntchito akonza zokwera Phiri la Mulanje m'mwezi wa Julayi, kuyambira ku Likhubula, kukagona m'nyumba zogonamo alendo za m'phirimo ku Chambe kenako ku Chisepo, ndipo nyengo ikalola akafike pa nsonga ya Sapitwa. Funso lawo lili motere: "Ndili ndi chijasi chokhuthala chimene ndimavala m'mawa pa njinga yamoto. Kodi nditenge chimenechi, kapena ndigule jekete yopepuka yotchinga mphepo? Ngati n'kugula, ndiyang'ane chiyani, poti thumba langa limangokwana pakaunjika?"

Achimwene, chijasi chanucho chisiyeni kunyumba. Pa njinga yamoto chimakuthandizani chifukwa mumangokhala phee mphepo ikukuwombani, koma m'phiri thupi lanu lidzakhala pa ntchito yakalavulagaga kwa maola ambiri, ndipo musanafike n'komwe pakati pa chitunda cha njira ya Skyline, yochokera ku Likhubula kupita ku Chambe, mudzakhala mutanyowa ndi thukuta mpaka malaya am'kati. Mudzachivula n'kuchimangirira pa chikwama, chidzasanduka katundu, ndipo mukadzatulukira pamwamba, pamene palibenso mitengo yotchinga mphepo, mudzavala chovala chachinyezi pa thupi lonyowa. Kuzizira koopsa kwa m'phiri kumayambira pamenepo.

Nyengo ya kumtundako njosiyana kwambiri ndi imene munazolowera ku Luchenza. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kuchokera ku Likhubula mudzakwera mamita oposa 2,000. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera, choncho tsiku limene kumunsi anthu akuyenda ndi malaya okha, pamwamba pamakhala pozizira ndi madigiri 12 kapena kuposerapo, tisanawerengere mphepo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chisanu chimagwa usiku, moti m'mawa udzu wozungulira nyumba zogonamo umayera mbuu. Kuwonjezera apo pali chiperoni, chimene anthu a ku Mulanje ndi ku Thyolo safuna kuchita kuuzidwa: mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa, yonyamula chinyezi cha Nyanja ya Indian kudutsa ku Mozambique, imene ikagunda phiri imakwera n'kusanduka nkhungu ndi mvula yamawawa, nthawi zina kwa masiku angapo osaleka. Mphepo imachotsa kampweya kofunda kamene thupi limasunga pafupi ndi khungu, ndipo chovala chikakhala chonyowa kutenthako kumatha msanga kwambiri. Mu Julayi 2009 mlendo wina wa ku Brazil anasochera pa Sapitwa atasiyana ndi womuperekeza, ndipo chimene chinamupha ndi kuzizira. Nkhani ya jekete m'phiri limeneli ine sindiitenga mwachibwana.

Jekete yotchinga mphepo ili ndi ntchito imodzi: kuletsa mphepo kulowa, koma n'kumalola nthunzi ya thukuta kutuluka. Yokha sifunditsa. Imapangidwa ndi nsalu yopyapyala ya nayiloni kapena poliyesitala yolukidwa mothithikana, yopanda thonje kapena ubweya m'kati, ndipo zambiri zabwino zimalemera pakati pa magalamu 100 ndi 200, moti mukaipinda imakwana m'manja. Kufunda kumachokera ku zimene mwavala pansi pake: malaya a poliyesitala okhudza khungu, monga jezi ya mpira, kenako juzi yaubweya kapena ya fleece, nsalu yofewa ya poliyesitala yonga ubweya. Malaya athonje musawavale pokwera, chifukwa thonje limamwa thukuta n'kulisunga. Ubwino wa kuvala mosanjikiza chotere ngwakuti potsetsereka kapena popuma mumawonjezera, pokwera chitunda mumachepetsa, pamene chijasi chimodzi chokhuthala chimangokupatsani zosankha ziwiri, kupsa kapena kuzizidwa.

Pali chinthu chimene ogulitsa ambiri sachitchula, mwina chifukwa nawonso sachidziwa: jekete yamphepo si jekete yamvula. Yamphepo imapakidwa mankhwala kunja kwake amene amachititsa kuti madontho azingogubuduka, ndipo zimenezi zimakwanira pa nkhungu kapena mawawa a kanthawi kochepa, koma chiperoni chikalimbikira madzi amalowa, kuyambira m'mapewa pamene malamba a chikwama amatsindira. Jekete yamvula yeniyeni mudzaidziwa mukaitembenuza: misoko yake imakhala yomatidwa ndi kalamba kopyapyala, ndipo nsalu yake imakhala ndi kachikopa kam'kati, monga ka Gore-Tex ndi mitundu ina yofanana nako. Yotereyi imatchinganso mphepo, koma njolemererapo, njodula, ndipo pokwera chitunda imasunga thukuta kuposa yamphepo. Ngati ndalama zikulola chovala chimodzi chokha ndipo mwapeza yamvula yabwino, tengani imeneyo, chifukwa ulendo wanu ndi wa Julayi. Ngati simunaipeze, gulani yamphepo ndipo muwonjezere chovala chamvula chapulasitiki chotsika mtengo, chimene mudzachitulutse pokhapokha kukagwa mvula.

Tsopano za pakaunjika. M'misika ya ku Limbe, Luchenza kapena pa Chitakale majekete amenewa amapezeka, ndipo kawirikawiri amakhala pansi pa mulu chifukwa anthu amathamangira okhuthala, poganiza kuti kopyapyalako n'kachabechabe. Mukagwira jekete yamphepo, ikani nsalu yake pakamwa n'kuuzira mwamphamvu, dzanja lina lili kuseri. Mpweya ukamadutsa mosavuta n'kumveka bwinobwino pachikhatho, ndiye kuti mphepo ya pa Chisepo idzadutsanso. Ukapanda kudutsa ngakhale pang'ono, ndipo nsaluyo ikuterera ngati jumbo, mudzasamba thukuta m'kati mwake. Yabwino ndi imene mukauzira masaya amalimba, koma kampweya kochepa n'kumamvekabe kuseri. Kenako iyang'aneni padzuwa. Mukaona timizere tambiri topingasana, topanga timabokosi ting'onoting'ono m'nsalu yonse, imeneyo ndi ripstop, ulusi wolimba wolukidwiramo kuti kabowo kakayamba kasapitirire kung'ambika. Pa ulendo wa ku Sapitwa zimenezi n'zofunika, chifukwa njira yochokera ku Chisepo imadutsa m'matanthwe okhakhala, ndipo pali malo amene munthu amakwawa ndi manja kapena kudzipanikiza pakati pa miyala ikuluikulu, chigongono ndi msana zikukhula mwala.

Tembenuzani jeketeyo muone m'kati, makamaka pakhosi ndi m'mapewa. Ngati pali zoyera zimene zikusupuka kapena kunyenyeka ngati ufa, kapena m'kati mukumata m'manja, ndiye kuti zopakidwazo zakalamba ndipo palibe telala angazikonze. Isiyeni ngakhale mtengo wake utatsika bwanji. Zipi muitsegule ndi kuitseka kangapo mpaka kukhosi, ndipo muone ngati kuseri kwake kuli kansalu kotchinga, popeza mphepo imakonda kulowera m'mano a zipi. Zipi yofa telala akhoza kusintha, kabowo kakang'ono n'kotheka kukamata, choncho zimenezi zikhale zonenerera mtengo, osati zokanira.

Pa chipewa cha jekete ndikufuna mukhalitsepo. Mutu ndi khosi zikakhala pamtunda, thupi lonse limamva, ndipo chipewa chopanda chingwe chokokera chimavuka mphepo ikangowomba, kapena chimafufuma n'kukutsekani maso pa nthawi imene mukufunika kuona pamene mukuponda. Valani jeketeyo pomwepo pamsika, kokani zingwe kuti chipewa chigwire nkhope, kenako cheukani uku ndi uku: chipewacho chizitembenuka limodzi ndi mutu wanu. Kumapeto kwa mikono kukhale lasitiki wogwira, ndipo m'chiuno mukhale chingwe kapena lasitiki kuti mphepo isalowere pansi. Popita kumsika tengani juzi imene mudzavale m'phiri ndipo muyesere jekete pamwamba pake. Kwezani manja onse m'mwamba ngati mukugwira mwala: msana usaonekere ndipo mikono isathawire m'zigongono. Komabe isakhale yaikulu mopitirira, chifukwa nsalu yotsala imakupiza ndi mphepo n'kumatulutsa kufunda kumene mwasunga.

Mtundu sankhani wowala, wofiira, wachikasu kapena wa lalanje. Nkhungu ya m'phiri la Mulanje imatsika mwadzidzidzi, ndipo munthu wovala zakuda kapena zotuwa amafanana ndi miyala ali pa mtunda waufupi chabe kuchokera kwa anzake ndi kwa woperekeza alendo amene mudzamutenge ku Likhubula.

Mukafika m'nyumba zogonamo mudzapeza moto wankhuni, ndipo aliyense amafuna kuwotha ndi kuyanika zovala. Nayiloni ndi moto siziyanjana: kambaliwali kamodzi kamaboola pomwepo, ndipo mukaiyanika pafupi kwambiri nsalu imakwinyika osabwereranso. Ivuleni musanayandikire moto, muikoloweke patali. Imauma yokha msanga. Pochapa gwiritsani ntchito madzi ozizira kapena ofunda pang'ono ndi sopo wochepa, mutsukuluze bwino, osaimenyetsa pamwala, osaikhula ndi burashi ndiponso osaisita ndi simbi yamakala. Mankhwala ofewetsa zovala amawononga zopakidwa zakunja zija, choncho asaikhudze.

Ponyamula, jeketeyo ikhale m'thumba lapamwamba la chikwama chanu chaching'ono, osati m'katundu amene mwapatsa onyamula, chifukwa iwo amayenda mofulumira ndipo akhoza kukhala patsogolo kwambiri pa nthawi imene mphepo yayamba. Muzivala mukangoima kuti mupume, thukuta lisanazizire, ndipo tsiku lopita ku Sapitwa muike juzi ina youma m'jumbo yomanga bwino pansi pa chikwamacho, pamodzi ndi chipewa chaubweya ndi magolovesi.