Kudzuka wotopa m'chilimwe

Mwafunsa chifukwa chake mukumadzukabe wotopa ngakhale mwachepetsa ntchito m'chilimwe chino. Nthawi zambiri vuto limakhala tulo. Thupi limayenera kuzizirako pang'ono kuti munthu agone bwino, ndiye chipinda chikatentha mumangotembenuka usiku wonse. Masana tsekani makatani, dzuwa likalowa mutsegule mawindo. Sambani madzi ofunda ola limodzi kapena awiri musanagone. Zimamveka zachilendo, koma madzi ofunda amathandiza magazi kuyenda pafupi ndi khungu, kutentha n'kumatuluka. Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 mpaka 9.

Tulo ta masana n'tabwino, bola tisapitirire mphindi 30. Mukapitirira pamenepo mumadzuka mutu uli wolemera, usiku tulo osabweranso. Khofi wa madzulo musiyeni, chifukwa pakatha maola 5 pafupifupi theka la mphamvu yake limakhala likadali m'magazi.

Madzi musamadikire ludzu. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri ndiye kuti mukumwa ochepa. Masewera olimbitsa thupi muzichita m'mawa dzuwa lisanakwere. Mukamva mutu, chizungulire ndi nseru, siyani zonse, khalani pamthunzi, muzimwa madzi pang'onopang'ono.