Masiku awiri ku London ndi achinyamata atatu

Achemwali, ndaliona funso lanu. Mukuti mukufuna kutsika ku London kuchokera ku Manchester pa tchuthi cha October, muli ndi mtsikana wanu wa zaka 14, mnyamata wa zaka 16, ndi mwana wa achimwene anu wa zaka 15 amene wangofika kumene kuchokera ku Lilongwe. Masiku ndi awiri okha, ndipo m'thumba simukulemera. Ena akupatsani kale mindandanda italiitali ya malo oti muone. Ine ndikuti mndandanda umenewo muudule pakati, chotsalacho muchidulenso pakati.

Ndikunena izi chifukwa zinandionekera. Chaka china ndinatenga ana awiri a mkulu wanga, nditalemba malo 11 papepala, ena mpaka ndi ola lake lofikira. Pofika 2 koloko masana tinali titaona malo asanu, ine ndikudzitama mumtima kuti pulogalamu ikuyenda. Kucheuka kumbuyo, wina wakhala pansi pafupi ndi Westminster Bridge wavula nsapato imodzi, mnzake watupa masaya, maso ali pa foni. Nditawafunsa madzulo chimene chawasangalatsa, anati anyamata ojambula pakhoma amene tinangowadutsa mothamanga. Malo amene ndinalipira ndalama zambiri sanawatchule n'komwe. Ana a msinkhu umenewu safuna kukokedwa ngati mbuzi yopita kumsika. Mwana aliyense mumupatse mwayi wosankha chinthu chimodzi chake, inu musankhenso chimodzi chanu, zinazo zikhale zongokumana nazo panjira.

Tiyambe ndi mayendedwe, poti n'kumene ndalama zimathera mosadziwika. Sitima yochokera ku Manchester Piccadilly imatera pa Euston, ulendo wa maola awiri ndi mphindi zochepa. Ngati mulibe Family & Friends Railcard, iwerengereni bwino, chifukwa imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu pa tikiti ya munthu wamkulu ndi 60 peresenti pa ya mwana wa zaka 5 mpaka 15. Basi yotera pa Victoria Coach Station ndi yotchipa, koma imadya theka la tsiku, ndipo inu masiku muli nawo awiri okha.

Mukafika mu London, aliyense akhale ndi khadi yakeyake. Khadi imodzi singalowetse anthu awiri pa geti ya Tube, sitima za pansi pa nthaka. Inu gwiritsani ntchito khadi ya kubanki, koma ikhale yomweyomweyo tsiku lonse, chifukwa pali malire a ndalama zimene amadula patsiku, ndipo mukagunditsa foni m'mawa kenako khadi masana, makina amakuwerengani ngati anthu awiri. Awiri aang'onowo muwagulire Oyster, khadi yolipirira Tube ndi mabasi, ndiyeno mupeze wogwira ntchito pa siteshoni ya Tube, anawo ali pomwepo, mumupemphe aikemo Young Visitor discount. Ndi ya ana a zaka 11 mpaka 15, amalipira theka, ndipo imagwira ntchito mpaka masiku 14. Anthu ambiri saidziwa chifukwa pa makina siilembedwa poonekera. Wa zaka 16 uja Young Visitor discount siimukhudza. M'mabasi salandira ndalama zapamanja kuyambira 2014, koma ubwino wake ndi wakuti mukakwera basi ina pasanathe ola chikwerereni yoyamba, simulipiranso.

Chinthu china muwauze musanatsike pansi pa nthaka. Tsiku lija ndinali ndi ana a mkulu wanga, pa siteshoni ina ya Northern line, mwana wamkulu analowa m'sitima, ife tikadali kukankhana ndi anthu. Zitseko zija phwa, kutseka. Ndinangoona nkhope yake pagalasi ikupita, pakamwa pali yasa. Foni osagwira, poti m'malo ena pansipo netiweki kulibe. Mwayi wake tinali titagwirizana m'mawa kuti zikatere, amene wapita atsike pa siteshoni yotsatira, aime pomwepo osasuntha. Patangopita mphindi zitatu tinam'peza ataima ngati chipilala, akunamizira kuti sanaope. Lamulo limeneli mulinene kawiri, makamaka kwa mlendo wa ku Lilongwe. Ndipo pa masitepe oyenda okha aja aime kudzanja lamanja. Akaima kumanzere amva kupuma kwa munthu pakhosi.

Tsiku loyamba musakwere chilichonse mukatsika pa Euston. Yendani wapansi mphindi 15 mpaka ku British Museum. Kulowa ndi ulere, koma sungitsani malo pa intaneti kuti musaime pamzere wautali. British Museum inatsegulidwa mu 1759 ndipo simungaimalize ngakhale mutagonamo, ndiye musayese n'komwe. Onani Rosetta Stone, mwala umene unathandiza akatswiri kuwerenga zolemba za Aigupto akale, kwerani m'mwamba akaone mitembo youmikidwa ija (ana amaikonda kuposa mmene amavomerezera), kenako tsikirani pansi ku Room 25, chipinda cha Africa. Gulu la anthu limathera kumtunda, kumeneko kumakhala phee.

Muli ziboliboli zamkuwa za ufumu wa Benin, umene unali ku Nigeria ya lero, zimene asilikali a Britain analanda mu 1897, zomwe dziko la Nigeria likupempha mpaka lero kuti zibwerere. Funsani anawo kuti iwo akuona bwanji, mudzamva mkangano wabwino kuposa wa pa foni. Koma chimene chinandigwira mtima ine ndi ntchito za amisiri a ku Mozambique, zopangidwa ndi mfuti zenizeni zimene anthu anapereka nkhondo ya pachiweniweni itatha mu 1992. Anthu ankabweretsa mfuti n'kulandira makasu, njinga kapena makina osokera, amisiri n'kuzidula ndi kuziwotcherera. Pali mpando wotchedwa Throne of Weapons ndi mtengo wotchedwa Tree of Life. Ukayandikira umaona kuti nthambi ija ndi mpope wa mfuti. Ife amene tinakula tikuona misasa ya othawa nkhondo ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Nsanje timaima pamenepo nthawi yaitali. Ana anu obadwira kuno nkhani imeneyi saidziwa, muwafotokozere muli pomwepo. Ola limodzi ndi theka lakwana, tulukani asanayambe kuyasamula.

Chakudya chamasana musachifune pafupi ndi geti. Lowani mu supamaketi iliyonse mugule meal deal, sangweji, chakumwa ndi kachotafuna, mukadyere pa benchi. Tengani mabotolo a madzi ochokera kunyumba. Achinyamata atatu akhoza kukumalizani ndi zakumwa zokha.

Kuchokera apo dzerani ku Covent Garden, kumene kumakhala anthu ochita masewera odabwitsa pabwalo, mutulukire pa Trafalgar Square. Anawo adzathamangira mikango inayi ili pansi pa chipilala cha Nelson, asiyeni ajambulitse. Akatha, apititseni pa kona ya kumpoto chakumadzulo, kutsogolo kwa National Gallery, pamene pali tsinde la mwala lotchedwa Fourth Plinth. Ziboliboli za pamenepo zimasinthidwa pakapita nthawi. Kuyambira September 2022 mpaka 2024 panaima John Chilembwe. Chinali chiboliboli cha Samson Kambalu, Mmalawi mnzathu, chotchedwa Antelope, chotengera chithunzi cha 1914 pamene Chilembwe anaima ndi mmishonale John Chorley. Chilembwe anam'panga wamkulu kuposa mzunguyo, chipewa chili kumutu, pa nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Pano anachichotsa, musakachifune. Koma mlendo wanuyo mwina ali ndi K500 yotsala m'chikwama. Aitulutse, mumuuze kuti nkhope imeneyo inaima pamwamba apo zaka ziwiri, mabasi ofiira akudutsa pansi pake. Ine tsiku limene ndinakachiona ndinapeza bambo ena atavala chipewa dala, tinangopatsana moni wa kwathu osafunsana mayina.

Msewu wotakata wa The Mall ukufikitsani ku Buckingham Palace. Kudzanja lamanja mudutsa Marlborough House ndi Lancaster House, kumene Kamuzu Banda ndi anzake anakambirana ndi boma la Britain za tsogolo la Nyasaland, ku Lancaster mu 1960 ndi ku Marlborough mu 1962. Nyumba yachifumu yeniyeniyo, kunena zoona, ndi geti ndi khamu la anthu. Kusinthana kwa asilikali kumachitika cha m'ma 11 koloko m'mawa ndipo si tsiku lililonse, ndiye musapindire ulendo wonse pa chimenechi. Jambulani, dutsani mu St James's Park, agologolo a mmenemo saopa munthu, mutulukire ku Westminster.

Westminster Abbey amalipiritsa, ndipo si pang'ono. David Livingstone anaikidwa mmenemo mu 1874, mtima wake utatsala kwa Chitambo ku Zambia kumene anafera mu 1873, Susi ndi Chuma ndi anzawo atanyamula thupi lake mpaka kugombe. Ngati chimenechi ndi chosankha chanu inuyo, lowani, koma dziwani kuti Lamlungu alendo ongodzaona salowa. Apo ayi, nkhaniyo muikambe muli panja. Big Ben ali pomwepo, ndipo auzeni kuti dzinalo ndi la belu la matani oposa 13 lili mkatimo, nsanjayo ndi Elizabeth Tower.

Mukaoloka mlatho, London Eye ikukodolani. Ndi yaitali mamita 135 ndipo imazungulira theka la ola, koma anthu anayi mudzatulutsa ndalama zowawa. Ine ndingaidumphe. M'malo mwake funsani njira ya ku Leake Street, ngalande ya pansi pa siteshoni ya Waterloo kumene kujambula pakhoma n'kololedwa. Ndi malo aja ana a mkulu wanga anandikumbutsa. Mumanunkha penti, makoma amasintha tsiku ndi tsiku, ndipo mudzapeza wina ali pa makwerero akupopera utoto. Mukatuluka tsatirani mtsinje wa Thames chakum'mawa. Pansi pa Southbank Centre pali anyamata ndi atsikana a skateboard, asiyeni anawo aonerere mpaka atope okha. Kumbukirani kuti mawotchi amabwezedwa Lamlungu lomaliza la October, ndipo zikatero mdima umagwa 5 koloko isanakwane. Kumeneku sikuluza, mtsinjewo umakongola magetsi akayaka. Majekete okha asaiwale, makamaka mlendoyo amene wachoka kotentha kwa October wa kwathu.

Tsiku lachiwiri m'mawa ndi la anawo. Ngati mnyamata ndi wa mpira, Emirates ya Arsenal ili pa Piccadilly line, Stamford Bridge ya Chelsea ili pafupi ndi Fulham Broadway. Kuzungulira mkati amalipiritsa ndipo tsiku la masewero nthawi zimasintha, koma kujambulitsa panja ndi ulere, ndipo wa ku Lilongwe chithunzi chimenecho chikam'patsa ulemu chaka chonse. Ngati mtsikana akufuna zovala ndi tinthu tachilendo, Camden Market, koma mupatseni ndalama yake m'manja, ikatha yatha. Ngati pali wokonda sayansi, South Kensington ili ndi Science Museum ndi Natural History Museum moyandikana, zonse zaulere, ndipo mu Natural History Museum muli mafupa a namgumi otalika mamita 25 atapachikidwa kudenga. Pa tchuthi cha sukulu mizere yake ndi yoopsa, sungitsani malo. Zonse zitatu sizingatheke m'mawa umodzi. Akambirane okha m'sitima pochokera ku Manchester, inu musalowererepo.

Ndalama imodzi imene ndingakuuzeni kuti mutulutse osadandaula ndi ya boti. Kwerani boti ya Thames Clippers pa Westminster kapena pa Embankment mpaka ku Greenwich. Ndi boti imene anthu amakwera popita kuntchito, siili m'malire a ndalama za patsiku aja, komabe mudzaona St Paul's, The Shard ndi Tower of London muli chikhalire, ndipo mudzadutsa pansi penipeni pa Tower Bridge, mlatho wa 1894 umene anthu ambiri amautchula molakwa kuti London Bridge. Khalani kumbuyo, panja, kumene mphepo imawomba.

Ku Greenwich kwerani kaphiri ka m'paki mpaka pa Royal Observatory. Apa ndi pamene pamadutsa mzere wa longitude 0 umene tonse tinaloweza kusukulu osadziwa kuti ndi malo enieni. Bwalo lamkati amalipiritsa, koma mzerewo umapitirira panja pa mpanda, pa kanjira ka m'munsi pang'ono, ndipo pamenepo mwana akhoza kuima mwendo wina kum'mawa wina kumadzulo osalipira kanthu. Nthawi ya ku Malawi ili patsogolo ndi maola awiri kuwerengera pa mzere umenewu. Kuchokera pamwambapo mzinda wonse umaoneka. Pobwerera kwerani DLR, sitima yopanda dalaivala, ndipo limbiranani mipando yakutsogolo. Wa zaka 16 adzanamizira kuti ndi zachibwana, koma muona amene akhale pawindo.

Ngati mukufunabe kuona mzinda muli m'mwamba, Sky Garden pa 20 Fenchurch Street ndi Horizon 22 pa Bishopsgate salipiritsa, kungoti matikiti ake amatha msanga, ndiye yang'anani lero lomwe. Oxford Street ndingoti muisiye, mashopu ake ambiri ku Manchester aliko. Ndipo kulikonse kumene muli m'mbali mwa msewu, mafoni asawagwire motayirira, kuli anyamata a njinga zamagetsi amene amatsomphola n'kuzimiririka musanakuwe.

Sitima yobwerera musungitse ya cha m'ma 7 koloko madzulo, ndipo mufike pa Euston kudakali mphindi 30, chifukwa pulatifomu amailengeza mochedwa ndipo anthu amathamanga ngati kwagwa moto. Mukatsimikiza masiku ndiuzeni, ngati sindili pa shifiti ndidzakupezani ku Greenwich ndi mandasi.